Zomwe ndapeza pa funso lija la mpunga ndi madzi amchere

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati mpweya wa nitric oxide ungathandizedi mpunga kupirira mchere, poti kwathu ku Chikwawa mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Ndinatsata malangizo a achimwene aja amene anati mbewu zina ndiviike m'madzi othira pang'ono kwambiri sodium nitroprusside (mankhwala amene amatulutsa mpweya wa nitric oxide), zina m'madzi wamba, kenako zonse ndizimeretse m'madzi amchere. Ndinachitira ku labotale ya kusukulu kwathu.

Zoviikidwa m'mankhwala zinamera msanga, mizu yake yoyera komanso yaitali ndithu. Zinazo mizu inali yaifupi, nsonga za masamba zopserera. Monga munafotokozera, mpweyawu umalimbikitsa maselo a mizu kutulutsa sodium (yomwe imachokera mu mchere) n'kusunga potassium (chakudya chofunika kwa mbewu), ndiponso umadzutsa ma enzyme (timapuloteni tofulumizitsa ntchito za m'maselo) monga catalase amene amateteza maselo kuti asawonongeke.

Amene mudzayesenso, botolo mulikulunge bwinobwino, chifukwa mankhwalawa amawonongeka ndi kuwala. Amatulutsanso poizoni wotchedwa cyanide, choncho magolovesi musaiwale chonde. Mukachulutsa mlingo, mizu imapinimbira kwambiri. Mpweya wina wotchedwa hydrogen sulfide umene mayi wina anatchula pondiyankha sindinauyese. Kumunda mankhwalawa musathire ayi, kumeneko kukumba ngalande kuti mchere uzitsukika ndi madzi abwino n'kumene kumathandiza.