Msonkho wa utsi wa mafuta ndi ndalama zobwezera mabanja: kodi ife a ku Zomba tingapindule?

Mayi wa ku Chinamwali analemba kuti:

Ndikupempha amene mumatsata bwino nkhani za misonkho ndi mitengo ya mafuta kuti mundiunikire. Mwana wa achemwali anga amene amakhala ku Ontario, m'dziko la Canada, anandiuza kuti kwa zaka zingapo boma lawo linkatolera msonkho umene amautcha carbon tax pa petulo, dizilo ndi gasi, kenako n'kumawabwezera ndalama kubanki miyezi itatu iliyonse, ndipo iye akuti zimene banja lake linkalandira zinkaposa zimene linkalipira. Zimenezi zikundivuta kumvetsa, chifukwa sindikuona chifukwa choti boma litenge ndalama kwa munthu lero n'kumubwezera mawa.

Funso langa lachiwiri ndi lokhudza ife kuno. Kwathu timaphikira makala, magetsi timangounikira ndi kusitira zovala, galimoto tilibe, ndipo bambo a kunyumba amakwera minibasi kupita ku Limbe kukaoda katundu wa pagolosale yathu. Kodi msonkho woterewu utaikidwa pa lita iliyonse ya mafuta kuno ku Malawi, limodzi ndi ndondomeko yobweza ndalama, banja ngati langa lingapindule kapena lingaluze?

Mphunzitsi wa ku Domasi anayankha kuti:

Mayi, zimene mwana wanuyo anakuuzani n'zoona kwa mabanja ambiri a kumeneko, ndipo chinsinsi chake chagona pa mmene ndalamazo zimatengedwera ndi mmene zimabwezedwera, chifukwa njira ziwirizi n'zosiyana. Msonkhowu umawerengedwa potengera mpweya wa kaboni umene umatuluka mafuta akapsa. Lita imodzi ya petulo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweyawu, pamene lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7. Boma la Canada linayamba mu April 2019 ndi madola 20 pa tani iliyonse ya mpweyawu, n'kumakweza chaka ndi chaka mpaka kufika madola 80 mu April 2024, zimene zinkatanthauza masenti pafupifupi 18 pa lita ya petulo. Magawo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse a ndalama zotoleredwazo ankabwerera kumabanja, ndipo m'chaka cha 2024 banja la anthu anayi ku Ontario linkalandira madola 1,120 pachaka, pamene a kumidzi ankawonjezeredwa magawo 20 pa 100 chifukwa iwo amayenda maulendo ataliatali.

Mfundo yaikulu ndi yakuti munthu amalipira molingana ndi mafuta amene waotcha, koma amalandira mofanana ndi mnzake wa banja lofanana kukula, kaya waotcha ambiri kaya ochepa. Tingoyerekeza mabanja 10 a m'dera limodzi, ndipo tinene kuti msonkho ndi K100 pa lita. Banja loyamba lili ndi galimoto yaikulu ndipo limatha malita 100 pamwezi, lachiwiri limatha malita 60, pamene mabanja 8 otsalawo alibe galimoto ndipo gawo lawo la mafuta a minibasi ndi njinga zamoto za kabaza ndi malita 5 banja lililonse. Onse pamodzi atha malita 200, kotero boma latolera K20,000. Ndalamayi ikagawidwa mofanana, banja lililonse lilandira K2,000. Banja loyamba lalipira K10,000, lachiwiri K6,000, ndipo onse awiri aluza, koma mabanja 8 aja alipira K500 yokha n'kulandira K2,000. Ndalama yobwezedwayo sichepa ngakhale munthu achepetse maulendo ake, choncho aliyense amakhalabe ndi chifukwa chosungira mafuta. Ili ndilo yankho la funso lanu loyamba lija.

Pa masamu okha, banja ngati lanu liyenera kukhala m'gulu lopindula, ndipo kuno ku Malawi gululo lingakhale lalikulu kuposa ku Canada, poti eni galimoto ndi ochepa kwambiri.

Mwini minibasi wa ku Matawale anayankha kuti:

Aphunzitsi, masamu anu ndawatsata ndipo sindikuwatsutsa, koma pali zinthu ziwiri zimene sizinalowe m'chiyerekezo chanu. Choyamba, msonkho wa dzina limeneli si wachilendo kuno. Mu 2019 boma linayamba kutolera carbon tax pa galimoto kudzera ku MRA, ndipo tinkalipira panthawi yokonzetsanso COF, chitupa chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, potengera kukula kwa injini, kuyambira K4,000 pa galimoto zazing'ono mpaka K15,500 pa zazikulu. Msonkhowo unalibe ndondomeko yobwezera mabanja ndalama, komanso sunkayang'ana kuti galimotoyo yayenda mtunda wotani, moti galimoto yongokhala pakhomo inkalipira mofanana ndi yoyenda tsiku ndi tsiku pamsewu wa Zomba ndi Blantyre. Kuwonjezera apo, mumtengo wa petulo umene a MERA amalengeza muli kale ndalama zingapo zodulidwa, monga ya misewu ndi ya magetsi a kumidzi. Choncho munthu ngati ine akamva za msonkho wina pa lita, chimene amayembekeza n'kulipira, osati kulandira.

Chachiwiri, mayi amene afunsawa sadzalipira K500 yokha. Mafuta athu onse amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo dizilo ndi amene amanyamula sopo, mchere, shuga ndi feteleza, ndi amenenso amayendetsa zigayo zambiri za kumidzi kumene magetsi sanafike. Dizilo akakwera, thumba la chimanga lochokera ku Jali limafika ku Mpondabwino lili ndi mtengo wina, nsomba za ku Kachulu chimodzimodzi. Ndinenenso za ntchito yathu, ngakhale zitichititse manyazi pang'ono. Msonkho wa K100 pa lita ukagawidwa pakati pa anthu onse okwera ulendo umodzi wa ku Limbe, munthu mmodzi sangafike ngakhale K100, koma pasiteji sitikweza mtengo ndi ndalama yaing'ono chotero. Timakweza ndi ndalama yosavuta kubweza chenji, ndipo timaphatikizamo matayala ndi zipangizo zimene zinakwera kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Mtengo ukakwera chonchi subwereranso pansi msanga ngakhale mafuta atsike. Ndiye mayiwa adzalipira msonkhowo paulendo wa amuna awo, pa katundu wa m'golosale, ndi pa ndiwo za pamsika, ndipo K2,000 ija ikhoza kuthera momwemo.

Wa zachilengedwe wa ku Malosa anayankha kuti:

Ine ndikufuna tiyang'ane kukhitchini, chifukwa mayiwa anena kuti amaphikira makala, ndipo pamenepa ndi pamene Malawi akusiyana kotheratu ndi Canada. Kumeneko gawo lalikulu la msonkho wa panyumba linkachokera pa gasi ndi mafuta otenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu, zimene zimagulidwa kumakampani olembetsedwa ndipo n'zosavuta kuzidula msonkho. Kuno mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo makala ambiri amaotchedwa popanda chilolezo, amatsika m'mapiri pa njinga usiku ndi m'mamawa, moti palibe pamene a msonkho angaime n'kudula ndalama. Zotsatira zake n'zakuti msonkho ungagwe pa gasi ndi palafini, zimene zimalowa m'dziko kudzera pachipata, koma makala n'kutsala osakhudzidwa.

Izi zikundidetsa nkhawa kwambiri. Banja la ku Mulunguzi kapena ku Ndola limene linayesetsa kugula silinda ya gasi likaona kuti gasi wakwera, silidzasiya kuphika, koma lidzabwerera ku mbaula ya makala. Tinaziona kale malo opangira magetsi a Kapichira atawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022: magetsi atayamba kuzimazima, ngakhale ophikira magetsi anathamangira makala. Amene timakhala m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa tikudziwa mmene mitengo yathera, ndipo madzi a mumzinda uno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo, pamene mitsinje ya Likangala ndi Domasi, imene imathira m'nyanja ya Chilwa, imayambiranso komweko. Chilwa inauma mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Msonkho woteteza chilengedwe umene ungachulukitse ogula makala ungakhale utaononga chimene unabwera kudzateteza.

Maganizo anga ndi akuti ngati msonkhowu ungaikidwe pa lita, ugwe pa petulo ndi dizilo basi, gasi wophikira asakhudzidwe, ndipo gawo lina la ndalamazo lithandize kutsitsa mtengo wa masilinda ndi mbaula zosatha nkhuni monga chitetezo mbaula. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma chilango chokha sichingathetse makala pamene munthu alibe china chophikira. Mayi, musaganizenso kuti makala anu sadzakwera, chifukwa ogula akachuluka ndipo malole onyamula matumba akakwera mtengo, thumba lidzakweranso ngakhale lisanadulidwe msonkho uliwonse.

Mayi wa ku Chinamwali analembanso kuti:

Zikomo nonse, tsopano ndamvetsa kuti kupindula kwanga kukudalira ngati ndalama yobwezayo ingandifikedi m'manja. Aphunzitsi, kodi ingandifike bwanji ine amene sindilembetsa msonkho wa pamalipiro ku MRA? Komanso mwana uja anati panopa sakulandiranso. Ngati zinali zabwino chotero, zinatha bwanji?

Mphunzitsi wa ku Domasi anayankhanso kuti:

Ndikuvomereza zimene achimwene a minibasi ndi a ku Malosa anena, ndipo funso lanu lagunda pamene pali vuto lenileni. Ku Canada ndalama zinkadutsa ku bungwe lawo lotolera misonkho, chifukwa pafupifupi banja lililonse limalemba fomu ya msonkho chaka ndi chaka ndipo lili ndi akaunti kubanki. Ku Switzerland, kumene msonkho wa mafuta otenthetsera nyumba unayamba mu 2008, gawo lobwerera kwa anthu amalichotsera pa ndalama ya inshulansi ya zaumoyo imene aliyense amalipira. Ife tilibe njira ziwirizi, koma tili ndi chitupa cha unzika chimene chinayamba kuperekedwa mu 2017, tili ndi Mpamba ndi Airtel Money, tilinso ndi Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Vuto n'lakuti Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ovutikitsitsa okha, kotero banja ngati lanu, limene lili ndi kagolosale m'tauni, likhoza kulipira msonkho kudzera m'mitengo ya zinthu koma osapezeka pakaundula wa olandira. Kwa ine, ndondomeko imene ingasiye kunja mabanja apakati ngati lanu si yoyenera kuivomereza, ndipo lamulo lokhazikitsa msonkhowo liyenera kunena poyera gawo lobwezedwa, tsiku lobweza, ndi amene adzalandire.

Za kutha kwake ku Canada, boma la Mark Carney linatsitsa msonkho wa pa mafuta a anthu wamba kufika pa ziro kuyambira pa 1 April 2025, ndipo ndalama zobweza nazo zinatha. Anthu ankaona kukwera kwa mtengo nthawi iliyonse akathira mafuta, pamene ndalama yobwezedwa inkalowa kubanki kanayi pachaka, ambiri osaizindikira n'komwe, moti otsutsa boma anapezerapo mwayi pa nthawi imene zinthu zinali zitakwera kale mitengo. Ku France kunalibe ndondomeko yobweza yofanana ndi imeneyi, ndipo kukwezedwa kwa msonkho wa mafuta kunabutsa zionetsero zazikulu mu November 2018 mpaka boma linaimitsa kukwezako. Choncho ngati nkhaniyi ingadzafike ku Nyumba ya Malamulo, funsani phungu wanu ngati ndalama yobweza idzayamba kufika pafoni panu msonkho usanayambe kudulidwa, komanso ngati idzafika mwezi ndi mwezi, chifukwa minibasi ya ku Limbe ndi thumba la makala mumalipira ndalama yake pompopompo.