Agent, wailesi kapena za m'khutu: tigule chiti mu Cyberpunk RED?

Kambuzi_wa_Mpondasi

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndine GM (woyendetsa masewera) wa kagulu ka Cyberpunk RED, masewera a pa tebulo a nkhani ndi madayisi, kuno ku Mangochi boma, osewera anayi: Solo (wankhondo), Netrunner (wothyola makompyuta), Tech (wopanga ndi kukonza zida) ndi Fixer (wa malonda). Tikukonza zida tisanayambe nkhani ndipo pa zolumikizirana tagwirana pakhosi.

Agent, foni ya m'masewerawa, ndi 100eb (eb ndiyo ndalama yake), Radio Communicator, wailesi yolankhulirana, ndi 100eb. Agent imaimba, imatumiza mauthenga, imajambula, imaperekanso +2 pa Library Search, luso lofufuza nkhani. Wailesi ndi yongolankhulira, mailo imodzi basi. Ndiye pali chifukwa chanji chogulira wailesi?

Chachiwiri, Scrambler/Descrambler (chipangizo chosokoneza ndi kumasulira mawu a pa wailesi) yonyamula ndi 500eb koma yoika m'khutu mwa opaleshoni ndi 100eb. Kodi osindikiza analakwitsa?

Chachitatu, Netrunner akuti angathe kulowa mu Agent ya mdani ali tsidya lina la msewu n'kumamvetsera. Ine ndikukana koma ndikufuna lamulo loti ndimuonetse.

Usipa_d10

Achimwene a Kambuzi, mtengo ndi umodzi koma ntchito ndi ziwiri. Agent payokha siifika kwa mnzanu, imadutsira pa CitiNet, netiweki ya mzindawo. Kumbukirani kuti nkhani ya RED ili mu 2045, NET yakale, intaneti ya m'nkhaniyi, itaphwasuka ndi DataKrash, vayirasi ya Netrunner wina dzina lake Rache Bartmoss, ndipo chimene chinatsala ndi timanetiweki ta mzinda ndi mzinda. Gulu likatuluka mu Night City, mzinda wa m'nkhaniyi, kulowera ku chipululu cha Badlands, kapena likatsikira m'zipinda zapansi pa nthaka, inu ngati GM muli ndi ufulu wonse wonena kuti netiweki kulibe. Apo Agent yasanduka kamera ndi kabuku kolembamo. Aliyense wa kuno amazidziwa izi: bwato likalowa pakati pa nyanja usiku kukasaka usipa, foni ya mtengo wapatali ndi ya mabatani zimafanana ulemu. Wailesi siidikira nsanja ya munthu. Ziwiri zikakhala pafupi zimamvana.

Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, ulendo wa mphindi 20 wapansi. Musaupeputse. Ntchito zambiri za m'masewerawa zimachitikira m'nyumba imodzi ndi misewu yoizungulira, ndiye woyendetsa galimoto amene akudikira panja ndi amene ali pa nsanjika yachisanu onse ali mkati mwa mtundawo.

Koma chachikulu ndi manja. Radio Communicator ndi kachipangizo kovala kukhutu, manja onse awiri ali mfulu. Agent mumaigwira. Solo wanu ngati wanyamula Assault Rifle kapena Shotgun, mfutiyo ikufuna manja onse awiri, ndiye foni aigwira ndi chiyani? Raundi imodzi ndi masekondi atatu, munthu ali ndi Move Action imodzi (kuyenda) ndi Action imodzi (kuchita chinthu chimodzi). Kulankhula sikudya Action, koma kutulutsa foni m'thumba n'kuimba nambala ndi kugwiritsa ntchito chipangizo, ndipo ine ndimalipiritsa Action pamenepo. Mukangoyamba kulipiritsa chonchi, wailesi adzaigula okha osawakakamiza.

Kufooka kwake n'kwakuti aliyense amamva. Radio Scanner/Music Player ndi 50eb yokha, ndipo ndi Action imodzi imafufuza mawailesi onse amene akulankhula mkati mwa mailo imodzi. Kachigawenga ka pa kona kalikonse kangaikwanitse.

Mai_Fixer_Namwera

Pa funso lachiwiri, bambo, palibe cholakwika. Muwerengetse zonse, osati mzere umodzi.

Scrambler ya m'khutu siilowa m'mutu wopanda kanthu. Pamafunika Cyberaudio Suite kaye, makina oika m'mutu okhala ndi malo atatu a zipangizo za m'khutu, 500eb, ndipo imadya Humanity 7 (Humanity ndi muyeso wa umunthu umene umachepa mukaika makina m'thupi). Kenako Radio Communicator ya m'khutu, 100eb, Humanity 2, ndi Scrambler/Descrambler, 100eb, Humanity 2. Zonse pamodzi ndi 700eb ndi Humanity 11. Zonyamula ndi 100 kuphatikiza 500, ndiye 600eb, umunthu osakhudzidwa. Yotchipayo ndiye yodula.

Anthu amaiwala kuti Humanity imakoka Empathy. Munthu wa Empathy 6 amayamba ndi Humanity 60. Chotsani 11, yatsala 49, Empathy yagwa kufika pa 4. Maluso ocheza ndi omvetsa anthu, Conversation ndi Human Perception, onse atsika ndi 2 nthawi yomweyo. Kwa Solo zilibe kanthu kwenikweni, ntchito yake si kucheza. Kwa Fixer ndi kudzidula mwendo, chifukwa iyeyo amadya ndi pakamwa. Komanso chipangizo chilichonse mwa zitatuzo chimatsitsa denga la Humanity ndi 2, ndiye ngakhale apite ku therapy kangati sangapitirire 54.

Manambala a 7, 2 ndi 2 ndi a popanga munthu koyambirira. Mukaika nkhani ili mkati mumaponya madayisi: 2d6 (madayisi awiri a mbali 6) pa Suite, ndiye mungataye kuyambira 2 mpaka 12. Amene akudziwa kuti adzaifuna aike pachiyambi pomwe.

Malo achitatu otsalawo ambiri amaikamo Internal Agent, 100eb, Humanity 3. Yabwino ndithu, siigwa m'thumba, wakuba sangaitsomphole. Koma ndi ya mawu okha. Kuti muone mapu kapena chithunzi pamafunika Cybereye (diso la makina) ndi Chyron (kasikirini ka mkati mwa disolo), 100eb chilichonse, ndi Humanity ina 7 ndi 2. Mwaona mmene zimakwerera? Munayamba ndi kufuna kuimba foni, mwathera pochotsa diso.

Nzeru yanga pa gulu la anayi: onse agule Agent ndi wailesi yovala kukhutu, 200eb munthu mmodzi. Za Scrambler musagule zinayi pa 2,000eb, muli ndi Tech. Ndi Fabrication Expertise, luso la Tech lopanga zinthu, chinthu cha 500eb chimapangidwa ndi zipangizo za 100eb, sabata imodzi, DV21 (DV ndi nambala yoyenera kupitirira poponya dayisi). Tech wa TECH 8, Electronics/Security Tech 6 ndi Fabrication 4 ali pa 18 asanaponye. Ayenera kupitirira 21, kufanana sikukwanira, ndiye 4 kapena kuposa pa d10 (dayisi la mbali 10), mwayi wa 7 pa 10. Zinayi ndi mwezi wathunthu ngati sanalephere, koma mwalipira 400eb m'malo mwa 2,000eb. Ngati akufulumira, Fixer amene luso lake la Operator lili pa 4 amapeza katundu wa 500eb osadikira Night Market, msika wa apo ndi apo.

Ngumbi_Netrunner

Lachitatulo mukunena zoona a GM, ndipo ndikulankhula ngati wokonda Netrunner. Mnyamata wanuyo watengera za pa gemu ya pa kompyuta, Cyberpunk 2077, mmene umangoyang'ana munthu n'kumuwotcha ubongo. Izo ndi zaka makumi atatu kutsogolo. Mu buku lalikulu la RED, lotuluka mu 2020, Netrunner amalowa mu NET Architecture, netiweki ya malo amodzi monga nyumba, ndipo ayenera kukhala mkati mwa mamita 6 kuchokera pa access point, polowera pake. Foni ya m'thumba mwa mdani si NET Architecture. Ilibe nsanjika, ilibe Password, ilibe Control Node (poyendetsera makina) yoti aigwire. Interface, luso lake lothyolera, ilibe pogwira, basi.

Ma quickhack, kuthyola munthu patali kotereku, alipo mu Edgerunners Mission Kit ya 2024, koma iyo ndi ya m'zaka za m'ma 2070, anthu ali ndi Neuroport, polumikizira ubongo ndi makina, m'mutu. Mukazisakaniza ndi 2045 mwasintha masewera onse, Solo adzayamba kufunsa kuti mfuti anagulira chiyani.

Musangomukaniza n'kumusiya manja ali m'khosi. Muuzeni njira zimene zilipo. Foni ibedwe ndi Pick Pocket, kenako itsegulidwe ndi Electronics/Security Tech, DV15 ya munthu wamba, DV21 ya bwana wa kampani, ndipo zitenge mphindi zingapo, osati raundi imodzi. Kapena ngati alonda a nyumba amalankhulana kudzera pa makina a nyumbayo, ikani Control Node ya zolankhuliranazo mkati mwa Architecture, pansi pa Black ICE (pulogalamu yolondera) imodzi. Akaifika waigwirira ntchito, amve zonse.

Usipa_d10

Mayi a ku Namwera, masamu anu ndawavomera koma Scrambler mukuikhulupirira kwambiri. Werengani pa Radio Scanner: pamangonena kuti kumva zosokonezedwa kumafuna Scrambler/Descrambler. Sipanena kuti ikhale ya gulu lomwelo. Tikatsata mawuwo mmene alili, mdani wa 550eb akumva chilichonse, ndipo alonda a Militech kapena apolisi a NCPD ndalama imeneyo ndi ya tiyi. Ndiye mwezi wonse wa Tech wapita kuti? Mwatchinga zigawenga zosauka zokha.

Mai_Fixer_Namwera

Ayi achimwene, kuwerenga kotero kukupha chipangizocho. Loko amene kiyi aliyense amatsegula si loko. Mmene ndimaonera, Descrambler ndi chida chimene chimakulolani kuyesa, osati yankho lokhalokha. Ndipo bukulo lili kale ndi luso la ntchito imeneyi, Cryptography, limene osewera ambiri amalisiya pa 0 chifukwa palibe amawafunsa.

Lamulo la pa tebulo limene ndingapereke ndi ili. Ntchito isanayambe, mmodzi wa gulu aponye INT (nzeru) kuphatikiza Cryptography kuphatikiza 1d10, nambalayo ilembedwe. Imeneyo ndiye DV ya aliyense wofuna kumvetsera. Womvetserayo akhale ndi Scanner ndi Descrambler zonse ziwiri, ndipo kuyesa kumodzi kutenge mphindi zisanu. Pa nkhondo ya masekondi 15 sangakwanitse, koma gulu likamacheza pa wailesi ola lathunthu likuzonda nyumba, alonda apeza mpata wambiri. Wailesi imodzi ikagwa m'manja mwa adani, palibenso kuponya, akumva zonse mpaka gulu litasintha kiyi. Lamuloli ligwire mbali zonse, osewera nawonso azithyola za adani chimodzimodzi.

Kambuzi_wa_Mpondasi

Zikomo nonse, la Cryptography ndalitenga. Katsala kamodzi: bomba la EMP, lozimitsa zamagetsi, likaphulika, za m'khutu zimapulumuka pamene zonyamula zafa? Solo akuti n'chifukwa chake akufuna Suite.

Ngumbi_Netrunner

Sizipulumuka. Muuzeninso kuti EMP ya bomba ndi EMP ya Empathy pa pepala lake ndi zinthu ziwiri, anthu amasokoneza. Bomba la EMP kapena mfuti ya Microwaver zikamupeza, amaponya luso la Cybertech pa DV15. Akalephera, inu a GM mumasankha zinthu ziwiri, kaya za m'thupi kaya zamagetsi zimene wanyamula, ndipo zimazima kwa mphindi imodzi. Mphindi imodzi ndi maraundi 20, nkhondo zambiri zimatha isanakwane. Choipa kwa wa Suite n'chakuti mukasankha Suite yeniyeniyo, zonse zili mkati mwake zimazima limodzi: wailesi, Scrambler ndi Internal Agent, ndipo mwangotaya chisankho chimodzi, china chikadalipo. Wa zonyamula ali ndi zinthu zitatu zosiyana, ndiye chimodzi chitsala chikugwira. Solo wanu ngati akuumirirabe, aikenso Disposable Cell Phone ya 50eb m'galimoto, kutali ndi pophulikira.