Ophunzira a chaka choyamba akuloweza mfundo za Fayol koma akulephera kupeza phindu la matumba a mtedza

Mphunzitsi wa ku Kasungu boma

Aphunzitsi anzanga, ndakupatsani moni nonse. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere chimalizire kuchonga mayeso apakati pa semesita. Ndimaphunzitsa phunziro loyambira la kayendetsedwe ka bizinesi kwa ophunzira a chaka choyamba, ndipo m'kalasi mwanga muli anthu 64, ena ongochoka kumene ku Folomu 4, ena apantchito amene amabwera kumapeto kwa sabata.

Funso loyamba linali lakuti atchule ntchito zisanu za woyendetsa bizinesi monga momwe katswiri wa ku France, Henri Fayol, anazilembera mu 1916, zomwe ndi kulinganiza zam'tsogolo, kukonza dongosolo la ntchito, kulamula, kugwirizanitsa magawo ndi kuwunika ngati zonse zikuyenda monga zinakonzedwera. Pafupifupi onse anakhoza, ena mpaka anabwereza mawu anga a m'kalasi osaphonya ndi limodzi lomwe. Funso lachiwiri linali ili: mayi wina waoda matumba 10 a mtedza pa K60,000 thumba limodzi, walipira K40,000 yonyamulira, wagulitsa matumba 8 pa K80,000 lililonse, koma awiri mwa matumba asanu ndi atatuwo wawapereka pangongole ndipo sanalipidwebe. Kodi phindu lake ndi lotani, nanga m'manja mwake muli ndalama zingati poyerekeza ndi zimene anatulutsa? Amene anayankha molondola ndi 9 okha. Ambiri analemba kuti mayiyo sanapindule kanthu chifukwa anatulutsa K640,000 n'kugulitsa katundu wa K640,000, kuiwala matumba awiri amene akadali m'nyumba. Ena analemba kuti waluza K160,000 chifukwa anangowerenga K480,000 imene inalowa m'thumba. Yankho lake ndi lakuti thumba lililonse linamudyera K64,000, choncho pa matumba 8 phindu ndi K128,000, ngakhale kuti ndalama zapamanja zikuperewera ndi K160,000.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ambiri mwa ana amenewa anakulira m'mabanja a alimi a fodya ndi a anthu amalonda, ndipo fizi yawo ikuchokera ku mabelo ogulitsidwa ku Chinkhoma. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti semesita ithe. Ndithandizeni maganizo.

Mphunzitsi wa ku Mchinji

Achimwene, zikomo potulutsa nkhaniyi poyera, chifukwa enafe tinavutika nayo mwakachetechete kwa zaka zingapo. Ine ndinapeza kuti vuto linali pa ndondomeko ya mitu. Mabuku athu amayamba ndi mbiri ya akatswiri akale a phunziroli, Taylor wa 1911, kenaka Fayol, kenaka Weber, ndipo nkhani ya ndalama imabwera kumapeto pamene wophunzira wazolowera kale kuti phunziroli ndi loloweza. Ndinatembenuza dongosololo. Sabata yoyamba yomwe ndimawatuma kuti aliyense agule kope wamba, ajambule madanga anayi, la zimene zagulitsidwa, la ndalama zimene zalowadi, la zimene zagwiritsidwa ntchito pa bizinesi, ndi la zimene mwini wake watapa kukagwiritsa ntchito pakhomo, ndipo alembe tsiku ndi tsiku za bizinesi imodzi yeniyeni kwa mwezi wathunthu.

Danga lachinayilo ndi limene limatsekula maso. Mtsikana wina anatsatira geni ya mandasi ya azakhali ake pa Kamwendo, ndipo kope lake ndimalikumbukira mpaka lero, lothimbirira ndi mafuta m'makona. Lolemba analemba K2,500 ya ndiwo, Lachitatu K1,000 ya sopo, Lachinayi K5,000 ya chipepeso pamaliro, Loweruka K3,000 ya mwana wopita kuchipatala. Azakhaliwo ankadandaula kuti mandasi alibe phindu, koma atawonkhetsa zinaoneka kuti phindu linalipo ndithu, kungoti linkatuluka tsiku lomwelo, ndipo pofika sabata yachitatu anali atayamba kudya mpamba. Kuchokera pamenepo sindinavutikenso kufotokoza mfundo yakuti bizinesi ndi mwini wake ndi anthu awiri osiyana m'mabuku.

Mphunzitsi wopuma wa ku Santhe

Mayi a ku Mchinji anena zoona, koma ndiloleni ndichenjeze pa zinthu ziwiri, popeza ndinapsapo nazo. Chaka china ndinatuma ophunzira kumsika popanda kulankhula ndi wina aliyense, ndipo tsiku lachiwiri lomwe anabwezedwa ndi mawu owawa, chifukwa amalonda ataona achinyamata ovala bwino atanyamula makope n'kumafunsa za ndalama, anaganiza kuti atumidwa kudzafufuza za misonkho. Kulakwa kunali kwanga. Munthu saulula za m'thumba mwake kwa mlendo. Choncho achimwene a ku Kasungu, auzeni ophunzira asankhe bizinesi ya m'bale wawo kapena yawo yomwe, ngakhale itakhala ya kabaza, ya kaunjika kapena ya ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba. Amene alibe m'bale wotero apite ndi kalata ya sukulu kudzera kwa tcheyamani wa msika, ndipo m'kopemo asalembe dzina la mwini bizinesi.

Chachiwiri, Fayol musamutaye. Mayeso akumapeto adzafunsa za iye, ndipo amene amawunika mapepala athu kuchokera kunja amayang'ana ngati silabasi yonse yaphunzitsidwa. Komanso tizikumbukira kuti Fayol sanali munthu wongokhala m'laibulale. Anali injiniya wa migodi amene anayendetsa kampani yaikulu ya malasha ndi zitsulo ku France kwa zaka zambiri, ndipo zimene analemba anazitola pa ntchito. Ophunzira akabwera ndi makope awo, afunseni kuti mwini chigayo analinganiza liti zogula malamba atsopano, anagawa bwanji ntchito pakati pa wogaya ndi wolandira ndalama, nanga amadziwa bwanji madzulo kuti ndowa zimene zagayidwa zikufanana ndi ndalama zimene zili m'kabati. Akayankha, ndiye muwauze kuti zimene anenazo ndi zimene Fayol anazipatsa mayina.

Wowerengetsera ndalama za kopaletivu ya alimi, Mchinji

Ine si mphunzitsi wa tsiku ndi tsiku, koma ndimalandira ophunzira anu akabwera kudzaphunzira ntchito, ndipo zimene bambo a ku Kasungu afotokoza ndimaziona chaka ndi chaka. Ndipemphe kuti pa masabata otsalawo muikepo zinthu zitatu zimene zimagwetsa mabizinesi kuno kwathu.

Choyamba ndi kudziwa mlingo umene bizinesi imayambira kupindula. Chigayo chomwe atchula bambo a ku Santhe ndi chitsanzo chabwino. Tinene kuti lendi ndi K60,000 pamwezi ndipo wogaya amalandira K90,000. Ndalama zimenezi, K150,000, zimatuluka kaya kwabwera anthu kaya sikunabwere. Ngati ndowa imodzi mumagayitsa K1,000 ndipo magetsi ndi kutha kwa zitsulo zikudya K400 pa ndowa, ndiye kuti ndowa iliyonse ikusiya K600, ndipo pafunika ndowa 250 pamwezi kuti mwini wake angobweza zimene watulutsa. Mukatero afunseni ophunzira kuti chichitike n'chiyani magetsi akazima masiku asanu, kapena mu Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zilibe chimanga. Masamu ake ndi a pulayimale, koma kaganizidwe kake ndi kamene timakasowa.

Chachiwiri ndi nyengo ya ndalama, ndipo inu a ku Kasungu muli ndi phunziro limeneli pakhomo penipeni. Mlimi wa fodya amayamba kutulutsa ndalama pofesa nazale cha mu Ogasiti ndi Seputembala, amagula feteleza, amawokera mvula ikagwa, amadyetsa antchito, amamanga zigafa, ndipo khobidi loyamba amaliona msika ukatsekulidwa cha mu Epulo, litachotsedwa kale ngongole, zonyamulira ndi zina. Miyezi yonseyo akhoza kukhala ndi mbewu yopindulitsa m'munda koma wopanda ndalama ya mchere, ndipo mpamene amagwa m'manja mwa akatapila kapena kugulitsa fodya wake motchipa kwa mavenda. Wagolosale wa pa boma nayenso amayendera kalendala yomweyo. Auzeni ophunzira ajambule miyezi khumi ndi iwiri, alembe zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse, aone okha pamene dzenje lili.

Chachitatu ndi chimene chinatichitikira mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amalonda ambiri amene anali ndi katundu wakale anamugulitsa pamtengo wakale, m'mabuku n'kuoneka kuti apindula, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama zonse, mpamba ndi phindu pamodzi, sizikukwanira kudzaza mashelefu monga kale. Wophunzira wa ku Malawi ayenera kudziwa msanga kuti poika mtengo sayang'ana zimene anagulira zokha, koma ayang'anenso zimene akagulire ulendo wotsatira.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya

Ndikuwonjezerapo nkhani ya chiyankhulo, chifukwa ndikuona kuti theka la vutoli lagona pamenepo. Munthu wa kumsika akati “lero ndapeza K50,000”, mawu akuti kupeza akhoza kutanthauza zimene wagulitsa, ndalama zimene walandira, kapena phindu, ndipo wophunzira amalowa m'kalasi ndi mawu amodzi omwewo m'mutu mwake. Tikamupatsa mawu atatu a Chingerezi, iye amawatenga ngati mayina atatu a chinthu chimodzi. Ine ndimayamba ndi mphindi khumi za Chichewa, kuwafunsa kuti asiyanitse okha mpamba, zogulitsa, phindu, ndalama zapamanja ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa iwe, ndipo akagwirizana ndimalemba mawu a Chingerezi pambali pake, popeza mayeso amalembedwa m'Chingerezi. Ambiri amadziwa bwino banki m'khonde ya amayi awo, mmene masheya amalembedwera, mmene chiwongoladzanja chimawerengedwera, ndi mmene amagawanira pakutha pa chaka. Kuchokera pamenepo n'kosavuta kuwasonyeza kuti chinthu chilichonse chochitika pa ndalama chili ndi mbali ziwiri, kumene zachokera ndi kumene zapita, yomwe ndi njira imene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lake losindikizidwa ku Venice mu 1494.

Mphunzitsi wa ku Kasungu boma

Ndathokoza kwambiri nonsenu. Nkhawa yanga yatsala pa kuchonga. Makope 64 sabata iliyonse, pamwamba pa makalasi ena atatu, sindingakwanitse, ndipo mutu wa mitundu ya mabizinesi sindinauyambe n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Mchinji

Agaweni anayianayi, mukhala ndi makope 16 okha. Kuti wina asabisale kumbuyo kwa anzake, sabata iliyonse muzitchula nokha amene aimirire kufotokoza, ndipo malikisi a gululo azichokera pa yankho lake. Ine ntchito imeneyi ndimaipatsa malikisi 20 mwa malikisi a m'kati mwa semesita. Mutu wa mitundu ya mabizinesi muulowetse m'kope lomwelo. Gulu lililonse linene ngati bizinesi imene likutsatira ndi ya munthu mmodzi, ya anthu ogwirizana, kampani kapena kopaletivu, ndipo lifufuze kuti ikanafuna kulembetsa ikanatsatira lamulo liti, la kalembera wa mabizinesi la 2012, la makampani la 2013, kapena la makopaletivu la 1998, komanso kuti nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA. Funso limene limawagwira mtima ndi lakuti bizinesi ikagwa ndi ngongole, kodi angongolewo angathe kudzatenga njinga ndi mbuzi za pakhomo kapena ayi. Akamvetsa kuti kwa wochita bizinesi payekha yankho ndi inde, pamene mwini masheya m'kampani amaluza zokhazo zimene anaikamo, kusiyana kwa mitunduyi sakuiwalanso.

Mphunzitsi wa ku Kasungu boma

Aphunzitsi anzanga, papita masabata atatu ndipo ndati ndikudziwitseni mmene zikuyendera. Magulu 16 onse ali ndi bizinesi yoti aitsatire, ndipo palibe amene wabwezedwa, chifukwa tinatsatira malangizo a bambo a ku Santhe. Dzulo ndinawapatsa funso lofanana ndi la mtedza lija, koma la soya ndi manambala ena, ndipo 41 anakhoza mbali zonse ziwiri. Otsalawo ambiri akusokonezabe katundu wosagulitsidwa, choncho Loweruka ndibweretsa mabotolo khumi opanda kanthu kuti tiziwasuntha patebulo, ogulitsidwa mbali ino, apangongole pakati, otsala mbali iyo.

Pabuka nkhani ina imene sindinaiganizire. Gulu limene likutsatira mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto likuonetsa phindu lalikulu sabata iliyonse, chifukwa akungochotsa mafuta, oyilo ndi zokonzetsa, osawerengera kuti njingayo ikutha ndipo tsiku lina idzafunika ina. Nditawafunsa, mmodzi anayankha mwaulemu kuti palibe ndalama imene yatuluka, choncho palibe choti alembe, ndipo ndikuona kuti yankho lakelo likuchokera pa zomwe tawaphunzitsa zoyang'anitsitsa ndalama zapamanja. Bambo a ku kopaletivu, kodi inu mumawafotokozera bwanji alimi za kutha kwa makina osendera mtedza, ndipo mumagawa mtengo wake pa zaka kapena pa matumba amene asendedwa? Ndikufuna ndiuphunzitse mutu umenewu Loweruka likubwerali makope asanatsekedwe.