Kodi "wakutsina khutu ndi mnansi" ndi kutsina kwamseri kokha?

Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu. Tatsutsana ndi agogo anga aamuna dzulo pakhonde. Iwo mpaka lero amasunga khadi lawo la chipani cha Malawi Kongeresi m'kachitini ka fodya, ndipo sakonda kumva munthu akunyoza chipani chomwe chinathetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndinawakumbutsa za nduna zimene zinasemphana maganizo ndi Kamuzu Banda mu 1964: a Chipembere, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza. Ndinati anthuwa anangotsina khutu Kamuzu pa nkhani ya tiki (ndalama ya mapeni atatu) yolipira kuchipatala ndi kuchedwa kukweza Amalawi pantchito za boma, nanga si ndiwo anali anansi ake? Agogo anagwedeza mutu. Akuti kutsina khutu n'kunong'oneza, ena asamve, ndipo ukalankhulira pagulu ndiye kuti wapereka mpeni kwa adani a ufulu. Kodi tanthauzo lake n'limenelo? Nanga "mnansi" pano ndi wachibale kapena woyandikana naye nyumba?

Wa ku Ntcheu:
Mwanawe, agogo ako sananame. Kwathu tikati "ndakutsina khutu" ndiye kuti ndakuuza mwakachetechete zoopsa zisanakugwere. Mnansi ndi aliyense wako, wamagazi kapena wapamudzi, amene ukapsa naye amva kutentha.

Wa ku Mangochi:
Bambo a ku Ntcheu, pa mawuwo ndikuvomereza, koma mbiri ikukana agogowo. Ndunazo zinayamba n'kunong'oneza kumene. Madandaulo awo anakawatula kwa Kamuzu m'chipinda cha nduna, mu Ogasiti 1964, patangotha mwezi ndi masabata kuchokera pa tsiku la ufulu, 6 Julayi. Yankho lake linali kuchotsa a Chirwa, a Chiume, a Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo mu Seputembala. Ena anatula okha maudindo. Kwathu kuno tikudziwa zimene zinagwera midzi yoganiziridwa kuti ikusunga anthu a Chipembere, iwo ataukira boma mu 1965. Ndipo a Chirwa, mmodzi mwa oyambitsa chipanicho mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Chimandiwawa n'chakuti anthu wamba ambiri anakhala chete chifukwa chokonda ufulu womwewo, poopa kuoneka ngati akapirikoni, ndiko kuti ogulitsa dziko.

Wofunsa uja:
Zikomo, makolo anga. Liwu loti kapirikoni agogo amalitchulabe motsitsa mawu. Lamlungu ndikawafunsa kuti mnansi atani ngati wanong'oneza koma khutulo lakana kumva.