Mphaka wanga waswanso, ndimutani?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale ndigawireni nzeru. Ndili ndi mphaka wamkazi, ndinamutenga ali kamwana chifukwa makoswe ankatiboolera matumba a chimanga. Ntchito yake amaigwira ndithu, koma kuswa kwakeko kwandikulira. Mu Novembala anaswa ana 4, mu Marichi 5, ndipo dzulo ndamupeza m'katoni kuseri kwa thumba la makala ali ndi tiana 4 tina, tonyowa, maso osatsegula, tikulira ndi chisanu cha Julayi chino. Oyamba aja ndinagawira anzanga a kutchalitchi. Achiwiriwo palibe anawafuna, ndipo awiri anandifera m'manja, m'maso muli manthongo okhaokha. Aneba akuti ndingotimanga m'thumba ndikataye ku mtsinje wa Lunyangwa. Ine mtima umenewo ndilibe. Ena akuti ndimubayitse jakisoni wolera wa amayi uja. Kodi alipo anayesapo?

Bambo wa ku Luwinga:
Mayi, jakisoni ameneyo musayerekeze. Mankhwala olera amatha kuyambitsa mafinya m'chiberekero cha mphaka ndi zotupa m'mawere, mapeto ake mutaya mphaka yemweyo. Njira yake ndi opaleshoni. Dokotala wa ziweto amamugonetsa, n'kucheka pang'ono pamimba, kuchotsa chiberekero pamodzi ndi tiziwalo topanga mazira, basi sadzaswanso. Wanga ndinamupangitsa chaka chatha. Anandiuza kuti asadye kanthu usiku wake, madzulo ndinabwera naye akuyenda modzandira, patapita masiku awiri anayamba kudya usipa wake bwinobwino. Bala limapola pa masiku 10 mpaka 14, chachikulu asamanyambite ulusi. Ndipo chonde, ngakhale aoneke kuti akumva ululu, musamupatse Panado. Kwa mphaka ndi poizoni.

Dikirani kaye anawo asiye kuyamwa, pa masabata ngati 8. Koma muchenjere, mphaka amatha kutenga bere lina akuyamwitsabe, ndipo bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, n'chifukwa chake mukuona ngati sakupuma. Kafunseni ku ofesi ya ziweto kuno ku Mzuzu akulozereni dokotala wodziwa opaleshoni ya amphaka. Ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama, amene amapanga zimenezi. Mukapita mumubayitsiretu katemera wa chiwewe.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
Ine agogo anga amati mphaka wofula amachita ulesi, sagwiranso makoswe. Komanso wamphongo si ungangomumanga labala ngati mmene timachitira ndi mbuzi?

Bambo wa ku Luwinga:
Ayi achimwene, labala pa mphaka ndi nkhanza, amatupa n'kuwola. Kufula wamphongo kwa dokotala n'kwa mphindi zochepa. Zimene amachepetsa ndi kuyendayenda, ndewu za usiku padenga, ndi kuwaza mkodzo wonunkha uja m'makoma. Makoswe amagwirabe. Wanga sabata yatha yomweyi wandisiyira khoswe pakhomo la khitchini.

Mayi wa ku Chibavi:
Yewo chomene, bambo. Za Panado zija mwandipulumutsa, ndikanamupatsa ndithu. Usiku uno ndawalowetsa m'nyumba, ndawayalira juzi yakale ya mwana wanga. Nanga tiana takewa, ngati pali tatikazi, ndidikire mpaka liti?

Bambo wa ku Luwinga:
Musadikire kuti taswe kaye. Kakakazi kamatha kutenga bere kali ndi miyezi 4 yokha, ndiye tisanafike pamenepo mukhale mutalankhula kale ndi dokotala. Kamodzi kakamuna mundisungire, mlamu wanga ku Katoto makoswe amusowetsa tulo.