Kodi giya ndizisintha nthawi yanji pa pikapu ya dizilo ikakhala ndi katundu?

Bambo a Tadala, Lizulu

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Malume anandisiyira Toyota Hilux 2.5 D-4D ya magiya asanu, ndiyo ndikunyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano, nthawi zina mpaka kutsikira nayo ku Golomoti. Ine ndinaphunzirira pa Corolla ya petulo, khutu langa linazolowera kalilidwe ka imeneyo. Mnzanga wina anandiuza kuti dizilo safuna kulizidwa, ndizithamangira giya yaikulu kuti mafuta asamathe msanga. Ndiye singano ya geji ya marev, yoonetsa mmene injini ikuzungulira, ikangofika pa 1,500 ndimaponya giya ina.

Lachiwiri lapitali ndikupita ku Dedza boma ndi matumba khumi, pa chitunda china ndisanafike pa Bembeke, ndili mu folo, galimoto inayamba kunjenjemera, ndodo ya giya kumagwedezeka m'dzanja, pagalasi ndikuona utsi wakuda bii. Ndinaponda moto mpaka pansi, osamva. Pomwe ndimati ndibweze giya inali itafooka kale, ndinachita kuima n'kuyambira wani. Ndikuopa kupha galimoto imene ikudyetsa ana anga. Vuto ndi ine kapena injini?

Makaniko wa pa Ntcheu boma

Achimwene, mnzanuyo anakuuzani theka. N'zoona kuti dizilo safuna kumufikitsa kofiira ngati petulo, koma 1,500 ndi pamene mphamvu yake ikungoyamba kumene. Mukasintha pamenepo, singano imagwera cha m'ma 1,000, pomwe turbo sinayambe kupopa mpweya wokwanira. Inu mukuthira dizilo ndi phazi, mpweya woti awotchere palibe, ndiye utsi wakuda munauona uja. Amenewo ndi mafuta anu omwe mumati mukusunga. Kunjenjemerako kumagunda mabering'i, mamaunting'i a injini ndi kilatchi, ndipo sizionekera tsiku limodzi, mudzazimva pakapita miyezi.

Ikakhala yopanda kanthu pamalo athyathyathya, sinthani pakati pa 2,000 ndi 2,200. Mukasenza matumba ndipo mukukwera, isiyeni ifike 2,800 ngakhale 3,000, kuti mukaponya giya inayo singano igwere pafupi ndi 2,000, osati pansi pa 1,500. Musaope kulirako. Chinanso, yesani kuponda moto pang'ono: ikayankha nthawi yomweyo giya ili bwino, ikangowonjezera phokoso lolemera osathamanga, bwezani.

Mutsegulenso air filter, filita yosefa mpweya wolowa mu injini. Fumbi la msewu wa ku Tsangano ndimalidziwa, galimoto zochokera kumeneko ndikatulutsa filitayo n'kuimenya pansi pamatsala kamulu kofiira. Ikatsekeka, utsi umabwera ngakhale mukuyendetsa bwino.

Anambewe a ku Bembeke

Bambo a Tadala, zimene anena amakanikowa ndi zoona, koma maso asamakhale pa singano okha. Yanga ndi Hilux yakale yopanda turbo, geji ya marev ilibe n'komwe, ndipo ndayenda nayo zaka zambiri ndi tomato ndi kabichi. Ine giya ndimasankha ndikuona chitunda chikubwera, ndisanachiyambe. Inu munadikira kuti galimoto ifooke kaye, ndiye pomwe mumaponda kilatchi katundu anaikokera m'mbuyo, liwiro lonse n'kuthera pomwepo. Kuno ku Dedza tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, yangayi ndimaimva kuti kuno ndi yaulesi kusiyana ndi ikakhala kunyanja.

Chimene chandiopsa ndi choti mumatsika ku Golomoti. Pa Khwekhwerere, mtsetse wamakona wotsikira ku Golomotiko, giya imene mungakwerere ndi imene muzitsikira. Ndi katundu ine ndimalowa mu thu kona yoyamba isanafike, ndipo sindichokamo mpaka makona atha. Tsiku lina ndinapeza mnyamata ataima m'mbali pakati pa phiri, mawilo akutsogolo akufuka utsi, fungo la mabuleki likumveka patali, iye atakhala pamwala manja akunjenjemera. Anatsika mu folo akudalira phazi, pedulo inayamba kumira. Anapulumuka chifukwa anapeza poima. Chonde mwanawanga, pamenepo musamathamange.

Dalaivala wa pa Kampepuza

Ndiwonjezereko pa za mayiwa. Ena amachotsa giya pamtsetse ati kusunga mafuta. Pa D-4D ngati yanuyo, mukachotsa phazi pamoto ili m'giya, kompyuta imadula dizilo yokha. Mukaichotsa m'giya ndi pamene injini imamwa kuti isazime, kwinaku mabuleki akugwira ntchito okha. Komanso phazi lisamagone pa kilatchi mukatha kusintha.

Bambo a Tadala, Lizulu

Zikomo nonse. Filita ndaitsegula m'mawa uno, inali yodzaza fumbi ndithu, ndagula ina. Lero ndadutsanso pa chitunda chija ndi matumba asanu ndi atatu, ndinalowa mu fili ndili pansi, singano inakhazikika cha m'ma 2,400 mpaka pamwamba, utsi sindinauone. Amakaniko, pali kafungo kakupsa kamene ndinakamva tsiku lija poyambira wani pachitunda. Kodi kilatchi ndibwere nayo muione, kapena ndiyambe ndayenda nayo?