Holo ya kwathu ndi ndalama zochokera ku Joni

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse a kwathu ku Domué. Achimwene athu a ku Joni atumiza meticais 20,000 pa M-Pesa. Akuti tikonze holo ija, achinyamata azichitiramo zisudzo, kwaya ndi bawo Loweruka lililonse. Panopa mukungogona mileme ndi matumba a mbatata.

A Phiri (Moatize): Zalowa pa nambala ya ndani?

Mlembi: Ya amsungichuma, monga mwa nthawi zonse.

A Phiri: Monga mwa nthawi zonse! Za malata zija zinalowanso choncho. Enafe timachezera usiku ku mgodi wa malasha kuno kuti tipeze chosonkha, koma denga likudonthabe mbali ya kukhomo. Risiti ngakhale imodzi sitinaionepo.

A Phiri: Nanga mbatatayo ndi ya ndani? Amalipira? Amalipira kwa yani?

Mayi Nachisale: Bambo Phiri, ana akuthera ku kachasu pamsika paja. Tiyeni tikambe za ana kaye.

Aphunzitsi: Ine ndikuti tiikemonso ingoma ndi gule. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ife a ku Mozambique pamodzi ndi Malawi ndi Zambia, koma ana athu akumuonera pa foni.

A Jere: Aphunzitsi, gule m'holo? Chilombo chimachoka ku dambwe n'kutulukira pabwalo, sichivina pa simenti anthu atakhala pa mabenchi. Kafunseni amfumu mumve. Ingoma ndiye ingatheke, kungoti denga lija n'lalifupi, munthu akakweza chibonga aboola lata.

Mayi Nachisale: Akangolowamo a gule, kwaya yathu sipondamo. Ndaneneratu.

A Jere: Mayi, holo si ya mpingo wanu.

A Phiri: Mukukanganirana gule m'nyumba yopanda babu. Credelec, mayunitsi a magetsi aja, azigula ndani mwezi ndi mwezi? Omwe aja a malata? Ndalama izi zisatuluke mpaka tione kaundula wakale. Ndanena, ndipo sindisintha.

Amsungichuma: Bambo Phiri, ndakhala chete chifukwa cha ulemu. Malata tinagula ku Ulongué, theka linasasuka ndi mphepo ya dzinja lija, nonse mukudziwa. Kope lili kunyumba, bwerani mudzawerenge.

A Phiri: Ndikwere shapa kuchoka ku Moatize kudzaona kope? Jambulani muponye pano, tonse tili ndi maso.

Achimwene a ku Joni: Abale, ine ndimangofuna ana azipeza kochezera. Ngati zavuta chonchi, ingondibwezerani.

Mlembi: Ayi achimwene, pepani, musafike pamenepo. Tikumane Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, pa holo pomwepo.

A Jere: Tikalowa bwanji? Makiyi ali ndi mwini mbatata, mlamu wawo wa amsungichuma.

A Phiri: Eyaa! Zatulukatu.

Amsungichuma atuluka m'gulu.

A Phiri: Mlembi, abwezeni msanga. Achoka ndi 20,000 pa foni, kope lija osalionetsa.